Kukuwitsa ana mawu a Chingerezi si kuwaphunzitsa

Chimene chandiwawa teremu ino m'sukulu za kuno ku Mangochi ndi mndandanda wa mawu a Chingerezi wodzaza bolodi lonse, ana n'kumaubwereza mokuwa pambuyo pa aphunzitsi. Ukamamva uli panja, umati pano ntchito ikugwirika. Talowani muone. Pakamwa pakuyenda, koma maso ali pazenera, uyu akutsina mnzake, uyo akusinza chifukwa usiku anachezera kugombe kudikira usipa. Dzuwa la Okutobala likangotenthetsa malata, a kumbuyo aja ndiye basi.

Mawu atsopano amakhazikika mwana akaikapo mtima: amve katchulidwe kake, aone kalembedwe kake, adziwe chimene akutanthauza. Mutu wa munthu sugwira zatsopano zambiri nthawi imodzi, akatswiri amati zinayi kapena kuposerapo pang'ono. Nanga mawu 30 pa phunziro limodzi akalowa kuti? Hermann Ebbinghaus, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku Germany, podziyesa yekha anaonetsa kalekale mu 1885 kuti zoloweza zopanda tanthauzo, zambiri zimathawa tsiku loyamba lomwelo. Iye anali wamkulu, wofunitsitsa kukumbukira. Kuli bwanji mwana wa Sitandade 2 amene wabwera osadya kanthu?

Zotsatira zake timaziona mochedwa. Mwanayo amakwera makalasi bwinobwino, poti kukuwa amatha. Akafika Sitandade 5, pomwe masamu ndi sayansi zimabwera m'Chingerezi, amangoti kakasi. Pofika mayeso a MANEB a Sitandade 8, funso lenilenilo salimva, ndiye timati ndi wopanda nzeru. Musaiwale kuti ana ambiri kuno kunyumba amayankhula Chiyao, Chichewa akuchipeza kusukulu, Chingerezi n'chachitatu. Katundu ameneyu ndi wolemera kale.

Ndiye wina azindiuza kuti "ifenso tinaphunzira chonchi". Inde, koma anzanu amene munayamba nawo Sitandade 1 aja, ndi angati anafika nanu ku sekondale? Zimenezi ndatopa nazo.

Makolo nawonso ali momwemo. Bambo wina wolima chimanga cha ku Namwera anandinyadira kuti mwana wake sataya nthawi: amawerenga Chingerezi uku akuyang'anira mbuzi kuti zisalowe m'dimba, wailesi ili pambali. Nditamufunsa mwanayo mawu amene anali pa tsamba lomwe anatsegulalo, anangozyolika. Ndinawafunsa bambowo ngati amathira feteleza m'munda wosapalira. Anaseka, n'kuyamba kundidandaulira za mtengo wa thumba la Urea, ndipo nkhani ya mwana inathera pomwepo.

Zochita zake si zambiri. Mawu asanu kapena asanu ndi limodzi pa tsiku akwana. Bweretsani chinthucho m'kalasi, kaya kapu, kaya ukonde, ana achigwire. Funsani mmodzimmodzi, osati gulu, ndipo yambani ndi ana okhala kumbuyo. Mawa lake funsaninso mabuku ali otseka, kenako pakatha sabata. Chingerezi chiikeni m'mawa kusanatenthe, ndipo kumene kuli phala ana ayambe amwa. Kunyumba, mphindi 15 zokha, wailesi ndi foni zili zozima, mbuzi ayang'anire wina. Aphunzitsi amene makalasi awo ndi odzaza kwambiri tidzakambirane pa msonkhano wa zoni, wa aphunzitsi a sukulu zoyandikana.