Mwaikidwa chitsulo m'chiuno koma kuchira kukuchedwa? Nazi zoti muchite kunyumba

Sabata yachinayi chitulukireni m'chipatala, mayi anga anakana kudzuka. Ndodo zili poteropo, phala lazizira, iwo angoyang'ana kukhoma n'kunena kuti "bola ndikanangokhala ndi ululu wanga uja". Tsiku limenelo ndinaopa kwambiri, chifukwa opaleshoni inayenda bwino, bala linali litapola, koma munthu mtima unali utagwa. Iwo ankaganiza kuti poti fupa lovuta lija alichotsa ndiye kuti pakangotha masabata awiri ayamba kupita okha kumsika. Ifenso ana tinkaganiza chimodzimodzi, ndipo apa ndi pomwe mabanja ambiri timaphonya.

Tiyambe ndi zomwe adokotala anachita mkatimo. Amadula mutu wa fupa la ntchafu womwe unaonongeka n'kuikapo kampira kachitsulo kapena ka seramiki, ndipo m'chibowo cha fupa la m'chiuno amaikamo kachikho koti kampirako kazizungulira. Njira imeneyi inakhazikika ku England cha m'ma 1960 ndi dokotala John Charnley, ndipo lero ndi imodzi mwa maopaleshoni omwe amathandiza anthu zedi. Koma kuti afike pafupapo amadutsa m'minofu, ndiye chomwe chikuchira si chitsulocho ayi, ndi minofu yanu. Komanso minofu yomweyo inali itafooka kale chifukwa cha zaka zomwe mwakhala mukutsimphina, kaya ndi nyamakazi, kaya ndi vuto lija loti mutu wa fupa umafa chifukwa magazi sakufikako, lomwe limagwira ngakhale achinyamata makamaka a sickle cell, a HIV, omwa mowa kwambiri kapena omwe anamwa ma steroid nthawi yaitali. Mwendo womwe wafooka zaka zitatu sungalimbe mwezi umodzi.

Choyamba: dziwani nthawi yake yeniyeni

Kuchipatala amakudzutsani tsiku lomwelo kapena mawa lake kuti muyambe kuponda, ndipo zimenezi zimanyenga anthu kuti basi zatheka. Ulusi kapena timawaya ta pabala amachotsa pakadutsa masiku 10 mpaka 14. Ndodo ambiri amayenda nazo masabata anayi mpaka 6, ena kupitirira. Ntchito zopepuka za pakhomo mumazibwerera pakatha miyezi ngati itatu, koma kuti mphamvu zibwereretu, kutsimphina kuthe, pamatenga miyezi 6 mpaka chaka chathunthu. Mwendo kutupa madzulo kwa miyezi ingapo si zachilendo. Kumva ngati mwendo wa opaleshoniwo watalika nakonso kumachitika, ndipo nthawi zambiri kumachepa minofu ikakhazikika, ndiye musathamangire kukakwezetsa nsapato musanaonane ndi adokotala.

Lembani zimenezi papepala, mumate pakhoma, onse a m'nyumba aziona.

Chachiwiri: kwezani nyumba yonse

Apa ndikhalitsapo chifukwa malangizo ambiri omwe mungawerenge pa intaneti analembera anthu a nyumba za toileti yokhalira ndi mipando italiitali. Ife moyo wathu ndi wapansi. Timakhala pamphasa, timaphika pambaula, timachapa chowerama, chimbudzi ndi chonjuta, pamaliro amayi amakhala pansi, popereka moni kwa akuluakulu timagwada. Zonsezi ndi zomwe chiuno chatsopano sichifuna m'masabata 6 mpaka 12 oyamba, chifukwa kampira kaja kakhoza kuguluka m'kachikho minofu isanagwire. Malamulo omwe ambiri amapatsidwa, makamaka ngati anang'amba chakumbuyo, ndi atatu: mukakhala pampando kapena pabedi bondo lisakwere kuposa chiuno ndipo musawerame kukatola chinthu pansi, musapingase miyendo, komanso musapotolere phazi mkati kapena kutembenuka thupi phazi lili chiponderecho. Madokotala ena amamasula malamulowa kutengera mbali yomwe anang'amba, ndiye afunseni anu musanatuluke kuti inuyo akukuletsani chiyani ndipo mpaka liti.

Chimbudzi ndiye nkhani yaikulu, ndipo anthu amachita manyazi kuifunsa. Kunjuta iwalani kaye. Ngati chanu ndi chokumba, pezani kalipentala akukhomereni mpando wolimba wa matabwa wobowola pakati, wokhala ndi pogwira mbali zonse, msinkhu wake upitirire pang'ono bondo la wodwalayo akaimirira, n'kuuika pamwamba pa dzenje. Mipando yapulasitiki ija ena amabowola ine sindiikhulupirira, miyendo yake imatha kutambasuka pasimenti ponyowa. Ngati ndi toileti ya madzi, zambiri ndi zazifupi, pamafunika chokwezera, amagulitsa m'mafamase ena m'tauni kapena kalipentala yemweyo akhoza kupanga. Usiku wodwala asatuluke panja mumdima ndi ndodo, muikireni chidebe pansi pa mpando womwewo kuchipinda.

Bedi likhale lalitali moti akakhala m'mphepete chiuno chikhale pamwamba pa mawondo. Matiresi apansi ayi. Sofa yofewa yomira ija isiyeni, m'malo mwake mpando wolimba wa kudaining'i wokhala ndi pogwira, n'kuikapo pilo wolimba. Kubafa ikani mpando wautali ndipo beseni likhale pa sitandi kapena patebulo, asawerame kukatunga madzi pansi, mapazi amusambitse wina. Mbaula ikwere pamalo okwera ngati akufuna kumaphikako. Chotsani timakapeti, zingwe za magetsi, nsapato za ana pakhomo, ndipo patapata asiye kaye, avale nsapato yogwira chidendene yosaterera.

Pogona, agone chagada ndi pilo pakati pa miyendo. Ambiri tulo timavuta masabata oyamba chifukwa sanazolowere chagada, koma zimapita.

Za moni ndi kutchalitchi: uzani achibale ndi akumpingo poyera kuti adokotala aletsa kugwada ndi kukhala pansi. Mayi anga ankadandaula kuti anthu aziti ayamba mwano kukhala pampando azibambo ali pomwepo, ndiye tinkanena ndife iwo asanayankhule.

Chachitatu: mankhwala amweni pa nthawi yake

Mankhwala a ululu musadikire kuti ululu ufike povuta. Masabata oyamba imwani monga analembera, ndipo yesetsani kuti nthawi yochita mafizo (masewera olimbitsa minofu ya mwendo) ikwane patadutsa mphindi ngati 30 mutamwa. Munthu amene akumva kuwawa sayenda, ndipo osayenda sachira. Amphamvu aja ngati tramadol kapena morphine amamanga m'mimba, ndiye madzi ambiri, masamba, papaya. Aisi wokulunga m'kansalu pamalo otupa kwa mphindi 15 mpaka 20 amathandiza, osaika pakhungu penipeni.

Pali ena oletsa magazi kuundana, jakisoni wapamimba kapena mapilisi, omwe nthawi zambiri amapereka kwa pafupifupi mwezi. Awa musasiyire panjira olo mukumva bwino. Ndipo muli pa amenewa musagule nokha brufen kapena diclofenac pagolosale, akhoza kuyambitsa kutaya magazi m'mimba. Za zitsamba ndi kutema mphini pafupi ndi bala, chonde ayi, tizilombo tikalowa n'kufika pachitsulo kuchiza kwake kumavuta kwambiri mpaka nthawi zina kubwerera ku fiyeta. Ma ARV, a shuga, a BP pitirizani osadumphitsa, shuga wokwera amachedwetsa bala. Fodya naye chimodzimodzi.

Chakudya sichifuna zodula: mazira, nyemba, usipa, soya, ndiwo zotendera, mkaka ukapezeka. Minofu imamangidwa ndi zimenezo, phala lokha silikwanira.

Chachinayi: yendani pang'ono koma kawirikawiri

Kulakwitsa kulipo kuwiri. Ena amangogona poopa kuti chitsulo chisuntha, ena tsiku lomwe adzuka bwino amayenda mtunda wautali n'kugona masiku atatu mwendo utatupa. Chofunika ndi maulendo afupiafupi, mphindi 5 mpaka 10 katatu kapena kanayi patsiku, n'kumaonjezera pang'ono sabata iliyonse. Ngati mawa lake ululu ndi kutupa zachuluka kuposa dzulo, mwapyola muyeso, bwererani pang'ono koma osasiyiratu.

Mafizo oyambira ndi osavuta, ochitira pabedi pomwepo. Kugwedeza phazi m'mwamba ndi pansi, amenewa chitani ola lililonse mukakhala maso chifukwa amayendetsa magazi. Kukanikiza kuseri kwa bondo pamatiresi, kuwerenga mpaka 5 n'kumasula. Kumanga matako n'kumasula. Kukoka chidendene pabedi chakumatako pang'onopang'ono. Kenako mukayamba kuima bwino, gwirani tebulo lolimba n'kumatsegulira mwendo kumbali thupi lili chilili. Aka komaliza anthu amakanyozera koma ndi kamene kamalimbitsa minofu ya m'mbali mwa chiuno, yomwe ikafooka munthu amayenda chopendama. Kalikonse ka 10, katatu patsiku, pokhapokha a fizo atakuuzani zina.

Pamasitepe, pokwera utsogole mwendo wabwino, potsika zitsogole ndodo ndi mwendo wa opaleshoni. Mukatsala ndi ndodo imodzi, igwireni dzanja la mbali yabwino, osati mbali yodwala. Ndipo musafulumire kuitaya chifukwa cha manyazi. Ngati popanda ndodo mukutsimphina ndiye kuti nthawi yake sinakwane, kuyenda mowongoka ndi ndodo kuli bwino kusiyana ndi kuzolowetsa thupi kupendama.

A fizo yesetsani kuwaona ndithu. Zipatala zikuluzikulu ngati Queens, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu zili ndi madipatimenti ake, ku Blantyre kulinso Kachere. Ngati mukuchokera kutali, olo kamodzi pa masabata awiri, ndipo gadiyani ajambule pafoni zomwe akuphunzitsazo kuti kunyumba musasokoneze. Omwe anakachitira opaleshoni ku India kapena ku South Africa, musabwere popanda malipoti, ma X-ray ndi pepala lonena mtundu wa chitsulo chomwe anaika, ndipo pezani dokotala wa mafupa wa konkuno woti azikuonani.

Chachisanu: samalani mtima, makamaka sabata yachitatu mpaka yachisanu ndi chitatu

Nthawi imeneyi ndi yomwe inatigwetsa ife. Alendo odzazonda aja asiya kubwera, ana abwerera kuntchito, kusintha kwa tsiku ndi tsiku sikukuonekanso, tulo palibe, ndipo munthu yemwe moyo wake wonse wakhala akusamala ena tsopano akudikira kuti wina amuveke nsapato. Kulira ndi kukwiya msanga zimabwera, sikuti ndi kusayamika.

Chomwe chinatithandiza ndi kope. Lamlungu lililonse tinkalemba zinthu zitatu zokha: afika pati poyenda, mapilisi a ululu amwa angati patsiku, ndi chiyani chomwe achita okha chomwe sabata yatha samatha. Tsiku lomwe anakana kudzuka lija ndinawawerengera kuti masabata awiri apitawo ankathera pakhomo la chipinda, pano akufika pamtengo wa mango. Anakhala chete, madzulo ake anapempha ndodo. Musayerekeze lero ndi dzulo, masiku ena amabwerera m'mbuyo ndithu, yerekezani sabata ndi sabata. Ndipo musadziyerekeze ndi uje yemwe akuti anataya ndodo pa masabata awiri, zaka, thupi ndi momwe fupa linaonongekera zimasiyana.

Kwa inu osamalira: musamuchitire chilichonse. Zomwe angathe mosaopsa, ngati kusankha nyemba patebulo, kusenda mbatata, kupinda zovala, musiyireni. Muzimuveka zovala zabwino m'mawa n'kumukhazika pakhonde, osati tsiku lonse kuchipinda. Gawanani masiku pachibale kuti mtolo usagwere munthu mmodzi, gadiyani wotopa amayankhula mokalipa osafuna. Koma ngati padutsa masabata awiri munthu sakudya, sakufuna kuyankhula, akunena zoti bola kufa, auzeni adokotala, amenewo ndi matenda ndipo ali ndi thandizo.

Chachisanu ndi chimodzi: izi zikachitika musadikire tsiku la cheki

Katumba kutupa, kutentha ndi kuwawa. Kubanika mwadzidzidzi kapena kupweteka pachifuwa, apa ndiye thamangani nthawi yomweyo olo pakati pausiku chifukwa magazi oundana akhoza kukhala afika kumapapo. Bala kufiira, kutulutsa madzi kapena mafinya, thupi kutentha ndi kunjenjemera, musangoti ndi malungo n'kugula LA, kayezetseni ndipo nenani kuti muli ndi chitsulo. Ululu waukulu wadzidzidzi, mwendo kufupika kapena kupotoka, kulephera kuponda, mwina kampira kaguluka, munthu asakoke mwendowo kunyumba, mugonekeni m'galimoto mupite. Akagwa, olo akuoneka bwino, akaonedwe.

Pomaliza, maulendo ndi ntchito

Minibasi yothithikana ija mawondo ali pachifuwa komanso kabaza, kaya wa njinga yakapalasa kaya yamoto, dikirani mpaka adokotala avomere. Popita ku cheki pezani galimoto, wodwala akhale kutsogolo, mpando muukankhire kumbuyo kwambiri, ayambe kukhazika matako kenako alowetse miyendo yonse pamodzi. Ulendo ukakhala wautali imani ola lililonse atsike aongole miyendo. Kuyendetsa galimoto ambiri amaloledwa pakatha masabata ngati 6. Za m'banja nazonso nthawi yake imakhala chapomwepo, funsani osachita manyazi chifukwa pali kagonedwe koyenera kupewa.

Kumunda ndiye funso lomwe mayi anga ankafunsa ulendo uliwonse. Khasu limafuna kuwerama ndi kupotoka nthawi imodzi, ndipo m'mizere ndi mosavuta kugwa, ndiye ngati opaleshoni yachitika chakumapeto kwa chaka, konzekeranitu ndalama ya aganyu ya dzinja limenelo. Kusenza ndowa ya malita 20 kapena thumba la chimanga nakonso kudikire, ndipo olo mutachira musabwerere ku katundu wolemera tsiku ndi tsiku, ziwalo zoikirazi zambiri zimatha zaka 15 mpaka 20 kapena kuposa koma zimaperepeseka msanga zikamalemedwa. Mayi anga chaka chimenecho anapita kumunda mwezi wachisanu chichitikireni opaleshoni, ndi ndodo imodzi ndi mpando wawo wautali uja titawanyamulira, n'kukhala m'mphepete kumalangiza anyamata pothira feteleza.