Mapepala amene ana amaliza kupaka mitundu: malangizo kwa alezi ndi makolo

M'sukulu zamkombaphala zambiri, ngakhalenso m'makomo momwe muli ana aang'ono, mapepala amene ana amaliza kupaka mitundu amaunjikana m'katoni mpaka chiswe chiwapeze, kapena amathera pamoto poyatsira mbaula. Pepala ndi lokwera mtengo, ndipo mlezi amene amadandaula za kusowa kwa zipangizo zophunzitsira nthawi zambiri amakhala ali nazo kale m'katoni yomweyo. Aphunzitsi amene anadutsa m'makoleji a zauphunzitsi m'Malawi amaidziwa bwino mfundo ya TALULAR, yolimbikitsa kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo, ndipo mapepala amenewa ndi gawo la zinthu zotero.

Musanagwire sizasi, yambani mwafunsa mwini chithunzi. Mwana wa zaka 4 amene wakhala nthawi yaitali akupaka nkhuku yake mtundu wofiira angathe kulira kwambiri akaiona ikudulidwa iye asanauzidwe, ndipo mawa lake sadzapakanso ndi mtima wonse. Muloleni asankhe yekha zithunzi zoti zisungidwe, mulembe dzina lake ndi tsiku kuseri kwake, chifukwa zimenezi ndi zomwe zimaonetsa kholo mmene dzanja la mwana likukhwimira pakutha kwa teremu. Zotsalazo ndiye zogwirira ntchito.

Pafupifupi ntchito zonsezi zimadalira chomatira, ndipo pano ndi pamene ambiri amalakwitsa. Guluu wogula ndi wabwino, koma phala la ufa wa chinangwa, womwe uja wa kondowole, limamata mapepala mokwanira. Sungunulani supuni imodzi ya ufa m'masupuni 5 a madzi ozizira, muike pamoto wochepa mukutakasa mpaka lisiye kuyera ndi kuyamba kunanda, kenaka muthiremo mchere pang'ono kuti lisachite nkhungu msanga. Phikani longokwanira tsiku limenelo, popeza likagona limasasa. Polipaka, pakani kuseri kwa pepala ndipo mupake mopyapyala. Makrayoni amapangidwa ndi phula lofanana ndi la kandulo, lomwe silimwa madzi, choncho phala silingagwire mbali yopakidwa mitunduyo ngakhale mutalichulukitsa bwanji. Ngati mwana anagwiritsa ntchito zolembera za inki, phala lamadzimadzi limasungunula inkiyo ndipo chithunzi chimasanduka mathothomathotho.

Chinthu chimene ndimachiika patsogolo pa zonse ndi masewera olumikiza zidutswa za chithunzi, chifukwa amakhalitsa ndiponso amaphunzitsa kwenikweni. Matani pepala lonse pa chidutswa cha katoni yolimba, monga ya sopo kapena ya mafuta ophikira, kenaka salazani ndi nsalu kuchokera pakati kupita m'mbali kuti pasatsale mpweya. Katoni yonyowa mbali imodzi imapindika ikamauma, motero iyenera kuumira pamthunzi itapsinjidwa ndi mabuku kapena thabwa usiku wonse. Musaiyanike padzuwa kapena padenga la malata, chifukwa kutentha kumafewetsa phula la makrayoni ndipo mitundu imapakana. Ikauma, jambulani mizere kuseri ndi kudula motsatira mizereyo. Kwa ana a zaka 3, zidutswa 3 kapena 4 zazikulu ndi zokwanira, pomwe a zaka 5 angathe kulumikiza zidutswa 8 mpaka 12. Sankhani chithunzi chokhala ndi chinthu chimodzi chachikulu, monga nsomba kapena basi, kuti mwana athe kuzindikira kuti mchira ukusowa apa, tayala likusowa apo. Chidutswa chilichonse cha chithunzi chimodzi muchiike chizindikiro chofanana kuseri, mwachitsanzo kamtanda kobiriwira, apo ayi tsiku limene ana adzasakaniza zithunzi 6 pamkeka umodzi mudzataya masana onse mukuzilekanitsa.

Mapepala amene anangokhwatchidwakhwatchidwa, opanda chithunzi chooneka bwino, ndi oyenera kuluka. Pindani pepala limodzi pakati, mulicheke mizere kuchokera popindapo koma osafika kumapeto, kenaka mudule pepala lina timizere ta masentimita 2 m'lifupi. Mwana amalowetsa kamzere pamwamba ndi pansi mosinthanasinthana, monga amachitira oluka madengu, ndipo zala zake zimazolowera kugwira tinthu mosamala, zomwe zidzamuthandize akadzayamba kulemba mu Sitandade 1.

Zina ndi zachidule. Timbendera ta makona atatu tomatidwa pa ulusi wa thumba la feteleza timakongoletsa kalasi pa tsiku lotsekera sukulu. Chithunzi chodulidwa bwino ndi kumatidwa pa pepala lolimba lopindidwa chimakhala khadi la Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala. Mikanda yopota ndi timizere ta pepala pa kamtengo ka machesi imatheka ndithu, koma ine sindiilimbikitsa pamene pali ana osakwana zaka 3, chifukwa amaika chilichonse m'kamwa ndipo ingawatsamwe. Pa chifukwa cha chitetezo chomwecho, kudula katoni ndi ntchito ya wamkulu, ndipo lezala isasiyidwe pamkeka ngakhale kwa kanthawi kochepa.

Phala la chinangwa ndi chakudya, choncho makoswe ndi mphemvu zimalitsata ngakhale litauma. Zipangizo zikauma bwinobwino, ikani zidutswa za chithunzi chilichonse m'kajumbo kakekake, ndipo timajumbo tonse mutisunge m'ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro, yoikidwa pamwamba osati pansi pomwe chiswe chimadutsa. M'nyengo ya mvula muziitsegula kamodzi pa sabata kuti muone ngati mwalowa chinyezi, ndipo chidutswa chilichonse chimene chayamba nkhungu muchitaye chisanayambukire zinzake.