Mmene mungayendere ndi oyendetsa nyulu pokwera phiri la Toubkal

Phiri la Toubkal, lotalika mamita 4,167, ndilo lalitali kuposa onse m'dziko la Morocco, ndipo ulendo wolikwera umayambira m'mudzi wa Imlil, kumwera kwa mzinda wa Marrakech. Musananyamuke, pezani wokulondolerani njira wovomerezeka, popeza alendo saloledwa kukwera okha, kenako mugwirizane ndi woyendetsa nyulu (chiweto chonga bulu chosenza katundu) za malipiro a masiku onse, kuphatikizapo tsiku limene adzatsike ndi chiweto chake.

Katundu wanu mumulongedze m'zikwama zofewa zolemera mofanana, chifukwa nyulu imasenza m'madengu awiri olendewera uku ndi uku, ndipo katundu akapendekera mbali imodzi, msana wake umachita zilonda. Musaumirire kuti nyulu imodzi isenze za gulu lonse. Mwini wake angavomere chifukwa chofuna ndalama, koma chiwetocho ndicho chimadyetsa banja lake, ndipo chikavulala ntchito imaima kwa milungu yambiri. Kulipira nyulu yachiwiri, kunena zoona, ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi tikiti ya ndege imene mwagula kale.

Madzi, chovala chamvula, juzi ndi mankhwala muzinyamule nokha, pakuti oyendetsa nyulu amayenda mofulumira ndipo mudzawapeza atafika kale kunyumba yogona alendo, imene ili pamalo okwera mamita pafupifupi 3,200. Mukakumana ndi nyulu panjira yopapatiza, imani mbali ya kumtunda, osati ya kuphompho.

M'nyengo yozizira, chipale chofewa chikakuta njira, nyulu zimabwerera panjira, kawirikawiri pafupi ndi kamudzi ka Sidi Chamharouch, kamene kali pakati pa Imlil ndi nyumba yogona alendo ija, ndipo kuchokera pamenepo katundu amasenzedwa ndi anthu, amene malipiro awo ndi apadera.