Momwe mungapezere malo a atachimenti ndi kutulukako muli ndi luso m'manja

Chaka ndi chaka ophunzira a ku MUBAS, LUANAR, MUST, Mzuni, UNIMA ndi makoleji ena amatumizidwa kukagwira ntchito kwa miyezi ingapo m'makampani, m'maofesi a boma ndi m'mabungwe. Ambiri amati atachimenti, a zauphunzitsi amati TP. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena amabwerako atangodziwa kufotokopa ndi kunyamula mafayilo, pomwe nthawi imeneyi ndi imene ikanawapatsa choyankha tsiku limene olemba ntchito adzafunse kuti, "Munagwirapo kuti?"

Yambani kusaka semesita isanathe. Musadikire kuti sukulu ikupezereni malo, chifukwa ophunzira ndi ambiri ndipo malo ndi ochepa. Pitani kwa aphunzitsi oyang'anira za atachimenti ku dipatimenti yanu, mukatenge kalata yokudziwitsani yokhala ndi chidindo, mufunsenso masiku oyambira ndi omalizira. Funsani anzanu a chaka cham'tsogolo komwe anapita, makamaka zimene ankagwira kumeneko tsiku ndi tsiku.

Posankha malo m'pamene ambiri amaphonya. Aliyense amafuna dzina lalikulu, ofesi yozizira ku City Centre ku Lilongwe kapena mumsewu wa Victoria ku Blantyre. Koma funso loyenera ndi ili: kodi kumeneko ndikakhudza ntchito ndi manja anga? Wa zamagetsi aganizire za malo opangira magetsi a EGENCO ku Nkula, Tedzani kapena Kapichira, kaya mafakitale a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Wa zaulimi angaphunzire zambiri ku malo a kafukufuku a Chitedze kapena Bvumbwe, m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ngakhalenso ku EPA (ofesi ya zaulimi ya m'dera) ya kwawo komweko, kuyenda ndi alangizi m'minda ya anthu. Wa zowerengera ndalama asanyoze khonsolo ya boma lake kapena SACCO. Kampani yaing'ono ya ku Kanengo kapena ku Makata, yokhala ndi antchito ochepa, kawirikawiri imakupatsa ntchito yeniyeni msanga chifukwa manja akusowa. Ine ndingasankhe malo oterewa kusiyana ndi ofesi yotchuka komwe ukangopatsidwa mpando pakona.

Kalata yopempha malo ikhale yaifupi: ndinu ndani, mukuphunzira chiyani, muli chaka chanji, mukufuna kuyamba liti ndi kumaliza liti, ndiponso gawo la ntchito limene mukufuna kuphunzira. CV ikwane tsamba limodzi. Ngati munatsogolerapo kalabu, kusunga ndalama za kwaya kapena kuyendetsa kabizinesi ka Airtel Money pa holide, lembani, chifukwa zimenezo zikusonyeza kuti anthu anakukhulupirirani. Kumene kuli kotheka, kaperekeni nokha pamanja ku ofesi ya HR mutavala bwino, mufunse dzina la amene walandira, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri muimbe foni mwaulemu. Perekani makalata kumalo angapo, osati amodzi.

Nkhani ya ndalama muikambe musanavomere. Malo ambiri salipira kanthu, ena amapereka kaalawansi ka thiransipoti. Werengerani lendi, chakudya ndi minibasi, muone ngati kuli wachibale wokusungani pafupi. Kusiya atachimenti pakati chifukwa ndalama zatha kumawononga mbiri yanu komanso kumatsekera khomo ophunzira obwera m'mbuyo mwanu.

Sabata yoyamba, fikani nthawi isanakwane ndipo funsani za zovala zodzitetezera ngati ndi ku fakitale, ku labu kapena kumalo omanga. Kenako pemphani mphindi zochepa kwa supavaiza wanu. Muwaonetse zimene sukulu ikufuna kuti muphunzire, mugwirizane magawo amene mudzadutsemo. Mukapanda kutero, masabata adzatha mukungotumidwa. Ntchito zing'onozing'ono musazikane, koma mukamaliza nenani kuti, "Bwana, ndamaliza, kodi ndingapite nawo ku saiti mawa?"

Lemekezani amisiri ndi makalaliki amene alibe digiri. Bambo amene wakonza pampu yomweyo zaka zambiri amaimva kulira kwake n'kudziwa kuti beringi yayamba kutha, asanatsegule n'komwe. Mayi wa ku registry amadziwa komwe fayilo imakakamira ndi chifukwa chake. Ukafika ndi mtima woti ndine wa ku yunivesite, amangokuyang'ana n'kukusiya ulakwitse. Ukawapatsa moni ndi kufunsa, amakutsegulira zonse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Tsopano logbook, buku lolembamo zimene mwagwira tsiku ndi tsiku. Ambiri amaidzaza usiku umodzi aphunzitsi atatsala pang'ono kubwera kudzayendera, ndipo zimaonekeratu. Lembani tsiku lililonse musanaweruke. Kulemba kuti "ndinathandiza ku wekishopu" sikukwanira. Lembani kuti mota ya pampu inkatentha, munaimasula ndi amisiri awiri, munaiyeza ndi multimeter (chipangizo choyezera magetsi), munapeza chakuti, munasintha chakuti, ndipo inatenga maola angati. Pansi pake onjezani mzere umodzi wolumikiza ndi za m'kalasi: ndi phunziro liti limene linafotokoza zimenezi, nanga n'chiyani chasiyana ndi zimene buku linanena? Apa ndi pamene sukulu ndi ntchito zimakumana. Wa zauphunzitsi achite chimodzimodzi: pulani ya phunziro inali ya mphindi 40, koma kalasi inali yodzaza, mabuku ochepa, ndiye anasintha chiyani kuti ana amve? Supavaiza asaine sabata iliyonse. Pa intavyu, nkhani zoterezi ndi zimene zimakusiyanitsa ndi anzako a magiredi ofanana nawe.

Sungani chinsinsi cha pantchito. Musajambule mapepala, odwala, ana asukulu kapena makina n'kuika pa Facebook kaya pa sitetasi ya WhatsApp popanda chilolezo.

Pali nkhani ina yowawa imene sitiyenera kuibisa, makamaka kwa atsikana. Aliyense wofuna chibwenzi kuti akupatseni malo, akusainireni logbook kapena akupatseni malikisi abwino akulakwira lamulo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere. Sungani mauthenga, uzani aphunzitsi okuyang'anirani ku sukulu, ndipo pemphani kuti akusinthireni malo. Cholakwa si chanu.

Kukatsala masabata awiri, yambani kulemba lipoti mukadali komweko, kuti mufunse pomwe mwaiwala. Pemphani kalata yotsimikiza kuti munagwira ntchito, yotchula masiku ndi zimene munachita, ndipo muitenge musanachoke, chifukwa mabwana amasinthidwa ndipo wobwerayo sadzakudziwani. Funsani supavaiza ngati angalole kukhala refari (wokuchitirani umboni kwa olemba ntchito) pa CV yanu, mutenge nambala ndi imelo yawo. Kalata imeneyi idzakuthandizani pofunsira ntchito, ngakhalenso pa pulogalamu ya boma ya internship ya omaliza maphunziro imene inayamba mu 2018. Ngati munaona vuto lina pamalopo, monga madzi otayika m'mapaipi kapena mbewu zoonongeka m'nkhokwe, kambiranani ndi aphunzitsi anu kuti likhale mutu wa pulojekiti yanu ya chaka chomaliza, ndipo mupemphe chilolezo chodzabweranso kudzatolera zofunika pa kafukufukuyo.