Foni isagone nanu pabedi

Ngati mumadzuka muli otopa ngakhale munalowa m'bulangete msanga, yesani izi. Nthawi yogona ikakwana, ikani foni patali, poti simungaifikire muli chigonere. Alamu ikalira m'mawa mudzadzuka kukaizimitsa, ndipo mukangoimirira tulo tatha. Musanatsegule mauthenga, tulukani panja kwa mphindi 10 kuti muone kuwala kwa m'mawa.

Chimene chimatibera tulo ndi kaja ka "ndingoona kamodzi". Uthenga umodzi wokhumudwitsa ukalowa usiku, mutu umangozungulira mpaka pakati pa usiku. Kuwala kwa m'mawa kumathandiza thupi kudziwa nthawi, ndiye madzulo tulo timabwera tokha. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo, ndipo akagona mokwanira sapsa mtima msanga ndi tinthu tating'ono.