Momwe gulu lanu lingapikisanirane nawo mphoto za zachilengedwe

Mu 2021, Gloria Majiga-Kamoto analandira mphoto ya Goldman chifukwa cholimbana ndi mapepala apulasitiki opyapyala m'dziko muno. Mu 2014, mphoto ya Zayed ya ku Abu Dhabi inagwera anzathu a ku Nkhata Bay pa ntchito ya magetsi a dzuwa kusukulu. Choncho inu amene mukudzala mitengo m'mbali mwa Lunyangwa kapena kuteteza nkhalango ya Kaning'ina musadziderere. Magulu ambiri a kuno ku Mzuzu ntchito amaigwira ndithu, chimawagwetsa n'kusowa umboni.

Choyamba, dziwani khomo loyenera kugogoda. Ya Goldman simungadzilembetse nokha. Mabungwe osankhika ndi amene amapereka mayina mwachinsinsi. Ya Equator, yomwe UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, inayambitsa mu 2002, ndiyo yoyenera magulu ogwira ntchito m'madera akumidzi: mumalemba nokha pa intaneti, bola gulu likhale litagwira ntchito zaka zitatu. Ngati ntchito yanu ndi yoyanjanitsa anthu osiyana zikhalidwe ndi zipembedzo, fufuzani thandizo la UNAOC (nthambi ya United Nations yolimbikitsa kumvana pakati pa zikhalidwe) ndi kampani ya galimoto ya BMW Group, lomwe linayamba mu 2011.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, gulani kope lachikuto cholimba lero lomwe. Lembani tsiku, malo, mtundu wa mtengo ndi mayina a amene anabwera. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, koma chiwerengero chenicheni ndi cha mu Okutobala, dzuwa ndi moto wolusa zitadutsa. Bwererani mukawerenge yomwe yapulumuka. Mukadzala mibawa 500 n'kupulumuka 200, lembani 200 yomweyo ndipo mufotokoze chimene chinapha inayo, kaya ndi mbuzi, chiswe kapena moto. Zithunzi muzijambula mutaima pamalo amodzimodzi chaka chilichonse, kuti wina amene sanafikepo ku Mzuzu aone kusinthako ndi maso ake.

Chachitatu, onetsani amene muli nawo. Mzinda wathu uli ndi Atumbuka, Atonga, Angonde, Angoni, Achewa, Akhristu ndi Asilamu. Ngati amayi a mvano ndi amayi a dawa amathirira nazale imodzi, musaiwale kulemba zimenezo. Ine ndimaona kuti chimenechi ndiye chuma chathu chachikulu, chonsecho timachibisa poganiza kuti n'chachizolowezi.

Kenako pemphani makalata okuchitirani umboni kwa a mfumu, mlangizi wa zankhalango ndi akhansala. Malamulo a gulu ndi akaunti ya kubanki ya osayinira awiri kapena atatu zikhale zokonzeka.

Nkhani yanu muilembe kaye m'chilankhulo chimene mumalankhula pamsonkhano, muiwerenge pamaso pa mamembala onse, kenako wodziwa Chingerezi, kaya wophunzira wa ku Mzuni, aimasulire popanda kuwonjezera zake. Tumizani kudakali sabata yathunthu, poti magetsi ndi netiweki sizipangana ndi munthu.

Wina akakutumizirani uthenga pa WhatsApp kuti mwapambana koma mulipire kaye ndalama yolembetsera, musatumize ngakhale tambala. Kulowa nawo mpikisano wa Equator ndi kwaulere.