Ulendo wa ku Gabès: pitirani madimba, osati gombe

Kumpoto kwa Africa kuli mizinda yambiri yomwe inamera pa kasupe pakati pa chipululu, koma pafupifupi yonse ili kutali ndi nyanja. Gabès, kummwera chakum'mawa kwa Tunisia, ndi wina: madimba ake a kanjedza amatsetsereka mpaka kukakhudza nyanja ya Mediterranean. N'chifukwa chake mu 2008 dziko la Tunisia linawalembetsa pa mndandanda wa UNESCO wa malo oyembekezera kuzindikiridwa ngati cholowa cha dziko lonse lapansi. Komabe amene angomva zoti "kuli nyanja" n'kulongedza zosambira zokha, akabwerako atagwa mphwayi. Chokoma cha mzindawu chili pansi pa mitengo, ndipo ulendo wonse muukonze motero.

Nyengo yabwino ndi Malichi mpaka Meyi, kapena Okutobala ndi Novembala. Miyezi iwiri yomalizayi ndiyo yopambana, chifukwa makangaza ndi tende, zipatso za kanjedza, zimakhala zitapsa. Julayi ndi Ogasiti apeweni ngati mungathe. Kutentha kwa masana kumaposa madigiri 30, chinyezi cha kunyanja chimakumatani thupi, ndipo ikawomba mphepo yochokera ku Sahara, yomwe eni ake amati chehili, kumapitirira madigiri 40. M'miyezi iwiriyi maofesi ndi mabanki amagwira ntchito m'mawa wokha, masana atseka. Onaninso kuti Ramadan ikugwa liti chaka chimenecho, poti malesitilanti ambiri satsegula masana mwezi wonsewo. Za viza funsani ku kazembe wa Tunisia musanagule tikiti ya ndege, chifukwa lamulo limatengera pasipoti yanu.

Kufika kwake

Ambiri amatera pa bwalo la ndege la Tunis-Carthage, makilomita pafupifupi 400 kumpoto kwa Gabès. Sitima yapamtunda ya SNCFT imanyamuka pa siteshoni ya ku Place Barcelone mu Tunis, kudzera Sousse ndi Sfax. Ulendowu ndi wa maola asanu ndi limodzi, nthawi zina kuposa, choncho tsiku lofika musapangane ndi munthu ola lenileni. Gulani kalasi yoyamba kapena ya confort, kusiyana kwa mtengo n'kochepa poyerekeza ndi kutalika kwa njira.

Chothamanga kuposa sitima ndi louage, kaminibasi koyera ka mzere wofiira komwe kamanyamula anthu asanu ndi atatu. Mzerewo ndiwo chizindikiro: wofiira ndi wa maulendo aatali, wabuluu ndi wa m'chigawo chomwecho, wachikasu ndi wa kumidzi. Louage ilibe nthawi yonyamukira, imachoka ikadzaza. M'mawa imadzaza msanga. Dzuwa likapendeka mutha kukhala ola lathunthu mukudikira munthu mmodzi. Zikatero okwera amatha kusonkherana kulipira mpando wotsalawo. Ngati mwatera pa chilumba cha Djerba, njira ndi yaifupi, makilomita 100 ndi pang'ono mukawoloka pa pantoni ya pakati pa Ajim ndi El Jorf, ngakhale mzere wa magalimoto pa dokopo umatalika nyengo ya tchuthi.

Mumzinda muli matakisi achikasu okhala ndi mita. Musananyamuke onetsetsani kuti dalaivala wayatsa mitayo. Usiku mtengo umakwera ndi theka, ndi lamulo, si kuti akukuberani.

Ndalama ndi dinar, ndipo pali msampha womwe umakola alendo tsiku loyamba. Dinar imodzi ili ndi mamilimu 1000, osati 100. Mtengo wolembedwa 2,500 ndi madinar awiri ndi theka, ndipo wogulitsa akati "chikwi" akunena dinar imodzi. Ndalamayi simungaigule kunja kwa dzikolo, ndiponso saloleza kutuluka nayo. Sinthani pang'onopang'ono kubanki kapena kumalo ovomerezeka, risiti iliyonse muisunge. Pamsika, mu louage ndi kumadimba khadi siligwira ntchito. Yendani ndi ndalama zing'onozing'ono, chifukwa chenji cha pepala la madinar 50 n'chovuta m'mawa. Simu khadi ya Ooredoo, Orange kapena Tunisie Telecom mugula poonetsa pasipoti.

M'madimba

Apa ndiye pofunika kupatula tsiku lathunthu, kapena m'mawa muwiri. Mbali yokongola kwambiri ndi Chenini, makilomita ochepa kumadzulo kwa mzinda. Nenani dzinalo lonse, Chenini Gabès. Kuli Chenini wina, mudzi wa paphiri kufupi ndi Tataouine, makilomita oposa 100 kummwera, ndipo mapu a pafoni amakonda kuonetsa ameneyo. Munthu angadzidzimuke ali m'njira ya kumapiri.

Fikani cha m'ma 7 koloko m'mawa. Mungayende wapansi kapena kukwera ngolo yokokedwa ndi hatchi, yomwe kumeneko amati calèche. Mukasankha ngolo, gwirizanani zinthu zitatu musanakwere: mtengo, kutalika kwa nthawi, komanso ngati mtengowo ndi wa ngolo yonse kapena wa munthu mmodzi. Mkangano wambiri umabadwira pa chachitatuchi. Ngolo ndi yabwino poona kukula kwa malo, koma imangotsata msewu. Kuti mumvetse dimbalo, tsikani mulowe m'tinjira ta pakati pa minda.

Imani pamunda umodzi muyang'ane kuchokera kumwamba kutsika pansi. Pamwamba pali kanjedza, amene amatchinga dzuwa ndi kuthyola mphamvu ya mphepo. Pansi pake pali mitengo ya zipatso: makangaza, nkhuyu, maapurikoti, mphesa zoyanga. Pansi penipeni pali ndiwo zamasamba, msipu wa ziweto ndi tizitsamba ta hena, amene masamba ake amajambulira pakhungu. Wosanjikiza aliyense amasungira wapansi pake mthunzi ndi chinyontho, ndipo mukangolowa thupi limamva kuzizirira kusiyana ndi pamsewu. Ulimi umenewu si wa dzana. Mzindawu nthawi ya Aroma unkatchedwa Tacape, ndipo wolemba wachiroma Pliny the Elder, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, analemba za mitengo yomera ina pansi pa inzake pamalo pano, komanso za madzi ogawidwa potsata maola.

Kugawana madziko kudakalipo, ndipo ndi pomwe mlendo amalakwa mosadziwa. M'mbali mwa tinjira muli ngalande zothirira. Pamphambano ya ngalande mudzaona atsekapo ndi dothi, mwala, sanza kapena kachitsulo. Chimaoneka ngati chinyalala, koma ndi chitseko: chikuloza madzi kumunda wa amene ili nthawi yake. Akasupe ambiri achilengedwe adaphwa chifukwa madzi apansi akupopedwa kwambiri, ndipo lero ngalande zimadalira zitsime zakuya za injini. Mlimi amadikira masiku ambiri kuti nthawi yake ifike. Mukaponda chitsekocho kapena mwana wanu akachisuntha posewera, mwamuthirira mnzake munda. Dumphani ngalande pamalo owongoka, osati pamphambano.

Madimbawa si paki. Munda uliwonse uli ndi mwini wake, ngakhale mpanda wake ndi makwawa a kanjedza ouma basi. Perekani moni kuti "aslema", dikirani akuitaneni. Khangaza lolendewera panjira musathyole. Mukapatsidwa, landirani ndi dzanja lamanja, munene "yaishek", kutanthauza zikomo. Anthu, makamaka amayi, musawajambule musanapemphe. Valani nsapato zotseka, popeza minga ya kanjedza ndi yaitali ndi yolimba moti imaboola patapata, ndipo musapise dzanja pansi pa miyala kapena milu ya masamba ouma, mumabisala zinkhanira. Tengani botolo la lita imodzi ndi theka pa munthu aliyense pa ulendo wa m'mawa, ndi mafuta othamangitsa udzudzu ngati mukakhale mpaka madzulo. Pofika 11 koloko muzikhala mukubwerera.

Za tende, musadabwe kuti wa kuno si Deglet Nour, mtundu wotchuka kwambiri wa ku Tunisia. Iye amafuna mpweya wouma wa ku Tozeur ndi Kebili. Chinyezi cha kunyanja sichimuyanja. Kuno kuli mitundu yakeyake monga Bouhattam ndi Kenta. Ilaweni pomwepo. Wofewa sayenda ulendo wautali, amayamba kusasa m'chikwama.

Chinanso chosayenera kuphonya ndi legmi, madzi a mtengo wa kanjedza. Wogoma amakwera mtengo, amasenga pamutu pake, n'kumangirira mtsuko woti madziwo adonthere usiku wonse. M'mamawa amagulitsa m'mbali mwa msewu, otuwira, ozizira, otsekemera. Koma salimba. Pakangopita maola ochepa padzuwa amayamba kuchita thovu, kuwawasa, n'kusanduka mowa. Choncho imwani m'mawa, ndipo ngati simumwa zoledzeretsa, nunkhizani kaye. Botolo la legmi musalitsekere m'chikwama, mpweya umalifufumitsa mpaka kuphulika. Kapu ya wogulitsa amamwera anthu ambiri. Apatseni botolo lanu akuthirireni.

Msika ndi manda a Sidi Boulbaba

Masana, dzuwa litakula, bisalani mu Souk Jara, msika wakale wa mzindawu. Muli madengu ndi zipewa zolukidwa ndi masamba a kanjedza, zokometsera ndiwo, tinsomba touma, ufa wa mloukhia, womwe ndi masamba a denje ouma osinja, ndi milu yobiriwira ya hena, amene Gabès amatchuka naye m'dziko lonselo. Zolukaluka nenererani, koma zoyeza pasikelo mitengo yake sisuntha kwenikweni. Funsani "qaddesh?", kutanthauza "zingati?", m'malo awiri kapena atatu musanagule.

Hena weniweni ndi ufa wobiriwira wonunkhira ngati udzu wouma. Pakhungu amasiya mtundu wa olenji, womwe umadera pang'onopang'ono m'masiku awiri n'kukhala wofiirira. Wina akakuuzani kuti akujambulani ndi "hena wakuda" wogwira msanga, kanani. Kawirikawiri amasakaniza ndi mankhwala odetsa tsitsi otchedwa PPD, omwe amatha kutulutsa matuza ndi kusiya zipsera. Magalamu 250 a ufa ndi okwana mphatso. Uzani wogulitsa amange m'mapepala apulasitiki awiri, chifukwa ukatayikira m'zovala ndi kukhudza chinyezi, banga lake silichoka.

Kummwera kwa mzinda kuli manda a Sidi Boulbaba, amene anthu a kumeneko amamulemekeza monga mnzake wa Mtumiki Muhammad. Pambali pake, m'nyumba ya sukulu yachisilamu ya m'zaka za m'ma 1600, muli malo osungiramo zinthu zakale za chikhalidwe. Valani zobisa mapewa ndi mawondo, amayi atenge mpango. Amene si Msilamu salowa m'chipinda chopemphereramo, ndipo Lachisanu masana ndi bwino kuwasiyira eni mapemphero. Ola limodzi likwana.

Nyanjayo

Nyanja ya kuno ili ndi khalidwe lomwe mbali zambiri za Mediterranean zilibe: imadzala ndi kuphwa kwambiri, kawiri pa tsiku, mpaka pafupifupi mamita awiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa. Gombe ndi lathyathyathya, motero madzi akaphwa amathawira kutali, n'kusiya matope ndi mchenga pomwe mbalame zimatera ndipo amayi a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja amakumba nkhono. N'zokongola kuona, koma musatengeke n'kupita kutali. Kuchoka pophwa kufika podzala ndi maola asanu ndi limodzi, ndipo madzi pobwera amayamba kudzaza timakwawa ta kumbuyo kwanu inu mukuyang'ana kutsogolo. Onani pa intaneti ndandanda ya nthawi zomwe nyanja imadzala ndi kuphwa, mutembenuke madzi akangosiya kuphwa.

Kusamba ndi nkhani ina. Kumpoto kwa mzinda, cha ku Ghannouch, kuli mafakitale a kampani ya Groupe Chimique Tunisien omwe kuyambira m'ma 1970 amasandutsa miyala ya fosifeti yochokera ku Gafsa kukhala asidi ndi feteleza. Zotsalira zake, phosphogypsum, zakhala zikutayidwa m'nyanja. Gombe la Chott Essalem, lomwe layandikana ndi mafakitalewo, si losambamo, ngakhale mutaona ana akusewerapo. Ofuna kusamba asunge zovala zawo mpaka akafike ku Djerba kapena Zarzis. Amene ali ndi mphumu asankhe pogona pakati pa mzinda kapena kummwera, mankhwala ake akhale m'thumba, chifukwa mphepo ikatembenuka fungo la mafakitale limafika m'makwalala. Nkhaniyi imawawa anthu a ku Gabès. Mu Okutobala 2025 masauzande anachita zionetsero zofuna kuti mafakitalewo achotsedwe. Mukakumana ndi gulu lotere, patukani. Apolisi, asilikali, doko ndi mafakitale musajambule, ndipo drone isiyeni kunyumba, amalanda pabwalo la ndege ngati mulibe chilolezo. Pangozi, apolisi ndi 197, ambulansi 190, ozimitsa moto 198.

Tsiku likatsalapo, pitani ku Matmata, makilomita pafupifupi 40 kummwera chakumadzulo, komwe Aamazigh, mtundu wa anthu akalekale a kumpoto kwa Africa, anakumba nyumba zawo pansi: dzenje lalikulu ngati bwalo, zipinda zoboola m'makoma ake. Nakonso kuli maina awiri. Louage zambiri zochokera ku Gabès zimathera ku Nouvelle Matmata, tauni yatsopano ya m'chigwa, ndipo nyumba za pansizo zili makilomita ena 15 kukwera phiri. Pamenepo mukwera galimoto ina. Zina mwa nyumbazo mukukhalabe mabanja, choncho musasuzumire kuchokera pamwamba ngati mukuona chitsime. Lowerani pakhomo mukaitanidwa, ndipo potuluka siyani kangachepe. Nyamukani kumeneko isanakwane 3 koloko masana, magalimoto obwerera amachepa msanga.

Tsiku lochoka, louage ya ku Tunis kapena Sfax ikwereni m'mawa, ndipo ngati ndege yanu inyamuka tsiku lomwelo, onjezani maola atatu pa nthawi ya ulendo. Madinar otsala muwasinthe pabwalo la ndege musanadutse pa ofesi yodinda mapasipoti, risiti zija zili m'manja. Mukadutsa, mashopu ambiri a mkatimo amafuna ndalama zakunja.